Chilumba cha Samos: Mabwinja, Mphesa ndi Alendo a Mitundu Iwiri

Aliyense amene anawerengapo mutu 20 wa buku la Ntchito za Atumwi anakumana nalo dzina la Samos, ngakhale kuti ambiri a ife tinalidumpha osaliona n'komwe. Luka Woyera akulitchula kamodzi kokha, pa ndime 15, pamene akundandalika madoko amene ngalawa ya Paulo Woyera inadzerako pa ulendo wake wotsiriza wa ku Yerusalemu, cha m'chaka cha 57. Mtumwiyo anali pa changu, pakuti ankafuna kuti chaka cha Pentekoste chikamupeze ali mu mzinda woyerawo. Anafika pa Samos, ndipo tsiku lotsatira anali ali kale ku Mileto, kumene anatsazikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso.

Pamene Paulo anangodutsa, ife tiimepo pang'ono. Amalonda a za maulendo ku Ulaya amachitama chilumbachi pa zinthu zitatu: mabwinja a anthu akale, magombe osambirapo, ndi vinyo wotsekemera. Zitatu zonsezi n'zoona. Koma mkhristu wa kuno kwathu amene angapeze mwayi wopita kumeneko adzaona kuti Samos ali pa ubale wakale ndi Africa, ubale umene timabuku tokopera alendo sititchula.

Samos ndi chilumba cha dziko la Greece, kum'mawa kwa nyanja ya Aegean. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 477, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 33,000, ochepa powayerekeza ndi a m'tauni ya Kafue. Kuchokera ku Athens, likulu la dzikolo, ndege imatenga pafupifupi ola limodzi, pamene sitima yapamadzi yonyamuka pa doko la Piraeus imatha usiku wonse ikuyenda. Koma dziko la Turkey lili pakhomo penipeni: pamalo popapatiza, madzi olekanitsa Samos ndi Turkey sakwana makilomita 2. Asodzi a pa Chanyanya, amene amadziwa mmene dambo la Kafue limatambalalira madzi akasefukira, angaseke atamva kuti kamtunda kameneka ndiko malire a Ulaya ndi Asia. Mukasunge kamtundaka m'mutu, tidzabwererako.

Mzambia wofuna kupitako ayenera kuyamba wapempha chitupa cha viza ya Schengen. Amamufunsa tikiti yobwerera, umboni wa ndalama za kubanki, malo okagona, ndi inshuwalansi ya matenda. Akakwanitsa zonsezi, amalowa pa khomo ngati mlendo wolemekezeka.

Mfumu imene inataya mphete

Bwalo la ndege lili pafupi ndi tauni ya Pythagoreio, ndipo ndi pomwepo poyambira. Tauniyi, imene kufikira mu 1955 inkatchedwa Tigani, inamangidwa pamwamba pa mzinda wakale wa Samos. Mu 1992 bungwe la UNESCO linaika mabwinja ake, pamodzi ndi a kachisi wa Hera, pa mndandanda wa chuma cha anthu a pa dziko lonse.

Mzindawu unafika pachimake m'masiku a mfumu Polycrates, amene analamula zaka zoposa 500 Ambuye Yesu asanabadwe. Anali ndi ngalawa zankhondo zambiri, ndipo ankalanda katundu wa adani ndi wa abwenzi omwe. Herodotus, mlembi wa mbiri yakale, akusimba nkhani imene msodzi aliyense angaikonde. Akuti Amasis, mfumu ya ku Ejipito, ataona kuti mnzakeyo zonse zikungomuyendera, anachita mantha, namulangiza kuti ataye dala chinthu chimene amachikonda koposa, kuti milungu ingamuchitire nsanje. Polycrates anakwera ngalawa, nakaponya mphete yake yamtengowapatali pakati pa nyanja. Patapita masiku owerengeka, msodzi wina anagwira chinsomba chachikulu, nachiona kuti n'choyenera mfumu, nakachipereka kunyumba yachifumu. Ophika atachitumbula anapeza mphete ija m'mimba mwake. Amasis atamva zimenezi anathetsa chibwenzi, podziwa kuti munthu wotere mathero ake adzakhala oopsa. Ndipo anakhaladi otero: cha m'ma 522 Yesu asanabadwe, nduna ya Aperezi inamunyengerera kuti aolokere kutsidya, inamupha, ndi kupachika mtembo wake pa mtanda.

Herodotus yemweyo anati Asamos anapanga ntchito zitatu zazikulu kuposa za Agiriki ena onse: khoma lotchinga mafunde pa doko, kachisi wa Hera, ndi njira ya madzi yoboola phiri. Yachitatuyi ndiyo imene ine ndimaigomera. Mzinda unkasowa madzi, ndipo kasupe wabwino anali kuseri kwa phiri. Mmisiri wotchedwa Eupalinos anaika magulu awiri a okumba, lina kumpoto kwa phirilo, lina kum'mwera, ndipo ndi nyundo ndi zosemera zokha anaboola thanthwe mamita 1,036 mpaka anakumana pakati. Analibe makina, analibe kampasi. Anali ndi chingwe, timitengo toyezera, ndi masamu a m'mutu mwake. Mipope yadothi inayalidwa m'ngalande ya m'mbali mwa njirayo, ndipo madzi anayenda mmenemo zaka pafupifupi 1,000. Lero mlendo amavala chipewa cholimba, natsika pa makwerero opanikiza, nayenda m'kati mwa phirilo. Pamalo pamene magulu awiri aja anakumana, njira imakhota pang'ono, ndipo kukhotako kukuonekabe. Ife amene timakhala pafupi ndi malo opopera madzi a Iolanda, kumene madzi a mu Kafue amayambira ulendo wao wa ku Lusaka, tikudziwa kuti mzinda umaima kapena kugwa ndi madzi ake. Mayina a ambiri mwa amene anasema thanthwelo mumdima palibe amene anawalemba. 

Kachisi wa Hera ali pa mtunda wa makilomita 6 kuchokera pa tauni, m'dambo la m'mbali mwa kamtsinje ka Imbrasos, kumene Agiriki ankakhulupirira kuti mulungu wao wamkaziyo anabadwira. Anakonzedwa kuti akhale wa mamita oposa 100 m'litali, wa nsanamira 155, ndipo sanamalizidwe konse. Lero yaimirira ndi nsanamira imodzi yokha, nayonso yotsala theka. Pambali pake pali maziko a tchalitchi chimene akhristu anamanga m'zaka za m'ma 400 kapena 500, pogwiritsa ntchito miyala ya pomwepo. Chifanizo cha mnyamata chosemedwa pa mwala wa nsangalabwi, chotalika pafupifupi mamita 5, chinafukulidwa pamalopa ndipo chili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Vathy, likulu la chilumbachi.

Ana athu a sukulu amadziwa mwana mmodzi wa pa Samos, ngakhale ena amamudziwa ndi misozi. Ameneyo ndi Pythagoras, wobadwa cha m'ma 570 Yesu asanabadwe, amene pambuyo pake anasamukira ku Croton m'dziko la Italy. Mmisiri womanga nyumba akamakhoma zikhomo nayeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, ndi 5 chopingasa kuti ngodya ya maziko iongoke, akugwiritsa ntchito lamulo lotchedwa ndi dzina la munthu ameneyu, ngakhale kuti Ababulo ankalidziwa iye asanabadwe. Aristarchus, amene ananena kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa zaka pafupifupi 1,800 Copernicus asanalembe zomwezo, anali wa pomwepa. Nayenso Epicurus anabadwira pa Samos mu 341 Yesu asanabadwe, ndipo ophunzira a chiphunzitso chake ndi ena mwa amene anatsutsana ndi Paulo ku Athens, monga timvera m'mutu 17 wa Ntchito za Atumwi.

Vinyo wa pa guwa

Pakati pa chilumbachi pali phiri lotchedwa Ampelos, dzina limene m'Chigiriki litanthauza mpesa. Alimi anasema mapiri kukhala makwerero, namanga timakoma tamiyala toletsa nthaka kukokoloka, ndipo timinda timeneti timakwera mpaka mamita 800 ndi kupitirira. Thirakitala silingafike m'malo ambiri otere. Mphesa zimathyoledwa ndi manja, kuyambira m'munsi mwezi wa Ogasiti, ndi kumakwera pang'onopang'ono kufikira za pamwamba zitapsa. Pafupifupi zonse ndi za mtundu umodzi, wa Muscat woyera, wa tizipatso ting'onoting'ono tonunkhira. Kuti vinyo atsekemere, ena amayanika mphesa padzuwa monga tiyanikira mfutso, madzi nachepa, shuga natsala; ena amathira mowa wotchezedwa kuchokera ku mphesa zomwezo vinyo ali mkati mowira, kuwirako nkuima shuga asanathe.

Tsopano apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Malamulo a Eklezia, pa nambala 924, amanena kuti vinyo wa pa Misa akhale weniweni, wochokera ku chipatso cha mpesa, ndiponso wosaonongeka. Masuku, nthochi, nzimbe kapena chimera sizingalowe m'malo mwake, ngakhale zitakoma chotani. Kwa amishoni oyamba limeneli linali vuto la tsiku ndi tsiku. A White Fathers atafika ku Mambwe mu 1891, ndi Ajezuiti ku Chikuni mu 1905, anapeza dziko la mapira ndi chimanga, lopanda munda wa mphesa. Dontho lililonse la m'chikho linkachokera kutali, nkuyenda pa ngolo kapena pamitu ya amtengatenga m'dzuwa lotentha. Vinyo wamba akatenthedwa chotero amasasa, ndipo akasasa wansembe sangathe kuchitira naye Misa. Vinyo wamphamvu ndi wotsekemera ndiye amapirira. Nchifukwa chake mu 1896 akuluakulu a ku Roma analola kuti vinyo wa Misa azithiridwako mowa wochokera ku mphesa pa nthawi yowira, malinga mphamvu yake yonse isapitirire magawo 18 pa 100 alionse.

M'zaka zomwezo minda ya mphesa ya ku France inali itatha ndi kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera, ndipo ogula anatembenukira ku zilumba za Agiriki. Pakati pa amene anafika pa Samos kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 panali ansembe a chipani cha amishoni a ku Africa cha ku Lyon, chimene timachidziwa ndi zilembo zakuti SMA. Chipanichi anachiyambitsa ndi Ambuye Melchior de Marion Brésillac pa 8 Disembala 1856. Iwo eni anamwalira ndi nthenda ya chikasu ku Freetown mu 1859, patangopita milungu yochepa chifikire, pamodzi ndi anzao. Otsala sanabwerere m'mbuyo. Pa Vathy anakhazikitsa nyumba ndi mosungira vinyo, namakonza vinyo wa Misa wotumiza ku mamishoni ao ndi wogulitsa ku maparishi a ku Ulaya, phindu lake nkumathandiza ntchito ya ku Dahomey, Nigeria, Gold Coast ndi Ejipito. Anamanganso tchalitchi m'mbali mwa doko, choperekedwa kwa Maria Wotengedwa Kumwamba, chimene chilipo mpaka lero. Ansembe a chipani chomwechi anafika kuno ku Zambia mu 1973, nayamba ntchito mu dayosizi ya Ndola.

Choncho thukuta la mlimi wa Chigiriki, wa mpingo wa Orthodox, amene mwina sanaonepo munthu wakuda, linkakathera m'chikho chokwezedwa pamaso pa akhristu atsopano a ku Ouidah ndi ku Lagos. Ife akatekisiti amene timatsogolera mapemphero a Lamulungu m'masenta opanda wansembe timadziwa mtengo wa kabotolo kaja kamene abambo amabwera nako m'chikwama mwezi ukatha. Sitikhala tikufunsa kuti anathyola mphesa zake ndani.

Kachilombo kaja kanafikanso pa Samos cha m'ma 1890, ndipo alimi ambiri anayamba fodya pamene ankadzalanso mipesa yolumikiza pa mizu ya ku America, imene kachilomboko sikaipha. Kenaka linadza vuto lodziwika kwa mlimi aliyense wa thonje kapena wa mpunga: ogula ochepa ankagwirizana mtengo, mlimi nkumagulitsa molira. Mu 1934 boma linakhazikitsa mgwirizano wa makopaletivu a alimi a mphesa a pa chilumba chonse, ndipo kwa zaka zambiri lamulo linkakakamiza mlimi aliyense kupereka mphesa zake kumeneko. Mgwirizanowu ulipobe, uli ndi mofulira vinyo ku Malagari pafupi ndi Vathy ndiponso ku Karlovasi, ndipo vinyo wake wambiri amagulidwa ndi dziko la France. Amene tinaona makopaletivu athu akubadwa ndi nyimbo nafa mwakachetechete tiyenera kudzifunsa kuti anzathuwa anasunga bwanji wao zaka 90.

M'masitolo a ku Pythagoreio amagulitsa kachikho kadothi kamene amati n'ka Pythagoras. Pakati pake pali kamzati kobisa kanjira. Ukathira vinyo kulekeza pa mzere, umamwa bwinobwino. Ukapyola mzerewo, vinyo yense amatulukira pansi nakuthira pamiyendo. Zoti anakapanga ndi Pythagoras ndi nthano ya ogulitsa chabe, koma ndikanakonda kachikho kotere kakanafika m'malo omwera a m'mbali mwa Kafue, kumene ndalama ya nsomba za usiku wonse imatha dzuwa lisanafike pamutu. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ludzu silinamve za lamulolo.

Gombe limodzi

Za magombe sindichulutsa mawu. Kumpoto, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Kokkari, kuli Tsamadou ndi Lemonakia, a timiyala tosalala ndi madzi oonekera pansi. Kum'mawa kuli Psili Ammos, wa mchenga wosalala, kumene mwana amayenda kutali madzi akali m'mawondo. Alendo ochokera ku Germany, Netherlands ndi maiko a kumpoto amadzaza malowa kuyambira Meyi kufikira Okutobala, atagona padzuwa limene ife timalithawa. Munthu ataima pa Psili Ammos amaona mapiri a ku Turkey ngati angawakhudze.

Kamtunda kaja ndi kameneka. Masana, mlendo wa chitupa amakwera sitima pa doko, naoloka kukaona mabwinja a Efeso kudzera pa tauni ya Kuşadası, madzulo nabwerera kudzadya nsomba. Usiku, pa madzi omwewo pamaoloka anthu ena, atapanikizana m'mabwato a mphira opopa, makumi anayi kapena asanu m'bwato loyenera anthu khumi. Mu 2015 anthu oposa 800,000 analowa m'dziko la Greece kudzera panyanja, ambiri othawa nkhondo ya ku Syria, Afghanistan ndi Iraq, ndipo ochuluka ankalipira madola 1,000 kapena kuposa kwa owazembetsa. M'zaka zotsatira panachulukanso ochokera ku Congo, Cameroon, Somalia ndi Sierra Leone. Si onse amafika. Mu Novembala 2024 bwato lina linamira kufupi ndi Samos, ndipo anthu 8 anafa, 6 mwa iwo ana.

Mu Malichi 2016 maiko a mgwirizano wa Ulaya anapangana ndi Turkey kuti ofika pa zilumba azisungidwa pomwepo kufikira milandu yao yopempha chitetezo itaweruzidwa. Msasa wa pa phiri loyang'ana tauni ya Vathy unamangidwira anthu pafupifupi 650. Pofika kumapeto kwa 2019 munali anthu oposa 7,000, ochuluka ngati eni tauni. Osowa malo anamanga zisakasa za mapepala ndi matabwa m'minda ya mitengo ya olivi, pakati pa makoswe ndi zinyalala, nafola maola ambiri kudikira chakudya. Moto unabuka kangapo. Pa 30 Okutobala 2020 chivomezi chachikulu chinagwedeza chilumbachi, chinapha achinyamata awiri a pa Vathy ndi anthu oposa 100 ku Izmir kutsidya, ndipo nyanja inasefukira m'misewu ya m'tauni. Mu Seputembala 2021 boma linatsegula msasa watsopano ku Zervou, m'mapiri, kutali ndi maso a alendo. Uli ndi zipinda zabwinopo, komanso mipanda iwiri ya waya waminga, makamera, ndi zipata zotsegula ndi khadi. Boma limati ndi dongosolo. Mabungwe ambiri othandiza othawa kwawo amati ndi ndende. Malemu Papa Fransisko anayendera chilumba china cha m'dera lomweli, Lesbos, mu Epulo 2016, nabwerera ku Roma ndi Asiriya 12 m'ndege yao, ndipo anapitanso mu Disembala 2021 nadzudzula poyera mipanda yotereyi.

Tisafulumire kuweruza eni chilumba. Asodzi ao anavuula anthu m'madzi, amayi ao anaphika ndi kugawa zovala, ndipo atatopa, maiko akuluakulu a kumpoto anali atatseka zipata zao. Iwonso uthawi amaudziwa. Makolo a ambiri anafika pa Samos mu 1922 akuthawa kutsidya. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chilumbachi chitalandidwa ndipo njala itakula, anthu zikwizikwi anaoloka kamtunda komweka usiku, kulowera kum'mawa. Ena anakasungidwa ku Syria, ku Gaza ndi ku Sinai, ndipo ena a pa zilumba zimenezi anatumizidwa mpaka ku Belgian Congo ndi ku Ruanda-Urundi, kumene anakhala m'misasa kufikira nkhondo itatha. M'zaka zomwezo Northern Rhodesia inkasunga othawa a ku Poland ku Lusaka, Bwana Mkubwa, Abercorn ndi Fort Jameson. Dziko lathu silinaleke ntchitoyi: Mayukwayukwa anatsegulidwa mu 1966, Meheba mu 1971, Mantapala mu 2018. Mnyamata wa ku Kivu amene wakhala kuseri kwa waya ku Zervou angathe kukhala mdzukulu wa munthu amene anatungira madzi banja la Chigiriki mu 1943.

Makolo amene ana anu ayamba kunong'ona za ulendo wa ku Ulaya wodzera njira zamseri, ndi anyamata amene mumaonetsana zithunzi za anzanu pa foni, dziwani kuti chithunzi chojambulidwa pa gombe la Samos sichionetsa kumene wojambulidwayo akagone usiku umenewo, ngakhale miyezi imene wakhala akudikira yankho.

Akatolika a pa Samos ndi ochepa kwambiri, pakuti pafupifupi onse a pa chilumbachi ndi a Orthodox, ndipo parishi yao ili pansi pa dayosizi ya Chios. Amishoni a ku Lyon atachoka, tchalitchi cha pa doko chija chinakhala zaka zambiri chili ndi mipando yopanda anthu, wansembe akubwera mwa apo ndi apo. M'zaka zimene msasa wa pa phiri unadzaza, mipando ija inadzazanso. Lamulungu m'mawa anthu ankatsika phirilo atavala zovala zao zabwino zimene anazisunga m'zisakasa, Akongo ndi Akameruni, nalowa m'nyumba imene inamangidwa ndi ansembe otumiza vinyo ku Africa, ndipo Misa inkaimbidwa m'Chifalansa ndi m'Chilingala, zitseko zili zotsegula kuyang'ana kunyanja.